Kutsata Madzi a Phiri la Mulanje

Munthu akamachokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima, phiri la Mulanje limamuonekera akadali kutali: chimwala chotuwa chotambalala kummawa, mitambo itakhala pamutu pake. Poliona uli m'minibasi umayesa ndi thanthwe louma lokhalokha. Ukayandikira, makamaka mvula itangokata kumene, umayamba kuona timizere toyera tikutsetsereka m'mbali mwake. Amenewo ndi madzi, ndipo ndi amene anandikokera ku Mulanje kumapeto kwa dzinja. Ndinkafuna kuwatsata kuyambira pamene amatumphukira mpaka pamene amatsanzikana ndi bomali, ndikumvetsera mayina amene eni dera amawapatsa panjira.

Chichewa sichisowa mayina a madzi: kasupe, chitsime, khwawa, mtsinje, mathithi, dziwe, thamanda, chithaphwi, dambo, nyanja. Kusukulu timawaloweza ngati kuti amangosiyana kukula, kuyambira chithaphwi mpaka nyanja. Koma anthu amene amatunga, kuoloka, kuwedza ndi kulima pafupi ndi madziwo sayang'ana kukula kokha. Amafuna kudziwa ngati madziwo akuyenda kapena aima, ngati amaphwa m'chilimwe, ngati adabwera okha kapena adachita kukumbidwa, ngati mwana angatumidweko yekha. Dzina lililonse limayankha mafunso amenewa.

Madzi oyamba kukumana nawo anali a Thuchila, pamlatho wa kufupi ndi Nkando. Apa palibe angatsutse kuti ndi mtsinje. Madzi ake anali ofiirira ndi dothi la m'minda, akuyenda mosafulumira. Anyamata ankatapa mchenga, amayi akuchapa chakumunsi, ndipo patsidya panali madimba a masamba ndi nzimbe. Mtsinje umabwera ndi mawu ena ambiri pambuyo pake. Uli ndi gombe, uli ndi dooko, uli ndi kumtunda ndi kumunsi, uli ndi tsidya lino ndi tsidya ilo. Madzi amene ungawalumphe osavula nsapato sakhala ndi tsidya. Thuchila amatsika m'phiri ali wochepa, amazungulira chigwa cha kumadzulo akutolera timitsinje tochokera kumapiri a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, kenaka amakathira mu Ruo kufupi ndi Sandama atakula kale. Akuluakulu adati madzi atupa ndi a m'njira.

Pa Chitakale ndinatsika pakati pa milu ya nanazi ndi nthochi, n'kukwera kabaza wolowera ku Likhubula. Msewu umenewu umadutsa m'munsi mwenimweni mwa phiri, nsonga ya Chambe itakuweramira kudzanja lamanja. Ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula ndi kumene alendo ambiri amayambira kukwera, ndipo ndi kumene ndinapezana ndi mnyamata wondiperekeza, mbadwa ya m'midzi ya konko. Sitinayende nthawi yaitali tisanayambe kumva mkokomo. Njira inakhotera m'mitengo, mpweya unazizira mwadzidzidzi, ndipo tinatulukira pa Dziwe la Nkhalamba.

Madzi a mtsinje wa Likhubula amagwa apa kuchokera pathanthwe, oyera mbee, n'kugwera m'madzi akuda bii amene pansi pake sipaoneka. Malo amodzi, mayina atatu. Kumtunda kuli mtsinje, pakati pali mathithi, pansi pali dziwe, ndipo ukatsika pang'ono mtsinje wayambanso. Mathithi ndiwo amakumba dziwe: madzi akamagwa zaka zosawerengeka pamalo amodzi, akuzunguza miyala ndi mchenga, amaboola thanthwe. Choncho dziwe si madzi apadera. Ndi mtsinje womwewo, pamene wazama n'kuoneka ngati waima. Nditavula nsapato kuti ndiviike mapazi, wondiperekezayo anandilozera mwala wina nati, "Achimwene, kuno n'kosambira, koma mukapyola mwala uwo ndiye kuti mwalowa padziwe. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, amagwira miyendo." M'maso mwanga madziwo anali amodzi. M'mawu ake munali malire oonekeratu, ndipo malirewo ndi amene amasiyanitsa wobwerera kwawo ndi womira.

Anthu a kuno amasimba kuti kale pamalopa pankaoneka nkhalamba ya imvi itakhala pamwala, ndi kuti makolo ankabwera kudzathira nsembe. Si pano pokha. M'madera ambiri a dziko lino nkhani za mizimu zimakonda maiwe, osati zithaphwi kapena ngalande. Chifukwa chake n'chosabisika: chilimwe chikafika pachimake, mtsinje umaduka n'kusiya maiwe okhaokha, ndipo mudzi wonse, ziweto ndi nsomba zomwe, zimadalira pamenepo. Malo opulumutsa anthu pachilala, amenenso angathe kumiza munthu, sangalephere kupatsidwa ulemu. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chachikulu chimene lidatchula si kutalika kwa nsonga yake ya Sapitwa, mamita 3,002, koma ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amapereka kuphirili ngati kwawo kwa mizimu ya makolo.

Dziwe lili ndi anzake awiri amene alendo amawasokoneza nalo. Thamanda nalonso ndi madzi oima, koma lilibe mtsinje wolidyetsa. Limadzadza ndi mvula pamalo olowa, limakhala miyezi, achule n'kuswana, kenaka limaphwa. Chithaphwi ndiye sichichedwa n'komwe, dzuwa la masiku ochepa lachimaliza. Atatuwa akhoza kufanana kukula tsiku lina m'dzinja, koma mayi wa pamudzi sangawasokoneze. Padziwe angatunge ndi kuchapa, chifukwa madzi amalowa ndi kutuluka. Pathamanda amwetsa ziweto ndi kuumba njerwa, koma amadziwa kuti ana osambira m'madzi oima otere amabwerako ndi likodzo. Chithaphwi cha kuseri kwa nyumba amachikwirira, popeza ndimo muswana udzudzu wa malungo.

Kuchokera pamathithi tinatenga njira ya Chapaluka, imene imakwera motsata madzi mpaka m'chigwa cha pamwamba cha Chambe. Ndi njira yotopetsa koma yokoma, ya mithunzi ndi miyala yoterera. Apa ndi pamene ndinadziwana bwino ndi khwawa. Tinaoloka makwawa ambiri, ena ali ndi timadzi tolira pansi pa miyala, ena ali gwaa, mutangodzadza masamba ouma. Pa limodzi mwa makwawa oumawo munali miyala ikuluikulu yoposa msinkhu wa munthu, yosalala, itasanjikizana. Ndinafunsa chimene chinaibweretsa. "Madzi, achimwene. Muli phee chonchi, koma mvula ikagwa kumtunda simungaime pano," anatero mnyamatayo.

Khwawa ndi dzina losiyana ndi ena onse, chifukwa silidikira kuti madzi akhalepo. Thamanda likaphwa timati panali thamanda. Khwawa likauma ndi khwawabe. Dzinali ndi la njira ya madzi, njira imene adadzikumbira okha ndipo adzaifunanso, kaya chaka chamawa kaya patapita zaka makumi atatu. Mwambi uja wakuti madzi saiwala khwawa timaunena pokamba za makhalidwe a anthu, koma amene adaupeka ankanena zimene adaona ndi maso.

Pamwamba pa phiri dziko limasintha. Mitengo imachepa, kumatseguka zigwa za udzu, mphepo imawomba mosalekeza. M'mbali mwa njira munali zitsa za mkungudza, mtengo umene udasankhidwa kukhala wa fuko lino mu 1984 ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse koma pa Mulanje pokha. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, koma macheka ndi moto zamaliza pafupifupi mitengo yonse ikuluikulu. Tinaona mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi, akhala akubzala. Zikukula, koma mkungudza suthamanga.

M'chigwa chimodzi nsapato zinayamba kutitimira. Linali dambo: udzu wobiriwira, dothi lakuda lofewa, madzi osaoneka koma omveka pansi pa phazi. Dambo lili pamalire a mtunda ndi madzi, ndipo ntchito yake ndi yaikulu kuposa maonekedwe ake. Limamwa mvula ya m'dzinja ndi nkhungu ya chiperoni, mvula yowaza ija imene imabwera m'miyezi yozizira kuchokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono chaka chonse. Kumapeto kwa dambolo, pansi pa mwala, madzi ankatumphuka okha, oyera, ozizira mpaka mano kuwawa. Tinamwa ndi manja. Ameneyo ndiye kasupe. Chitsime munthu amachita kukumba, kapena amakonza pamene madzi akutuluka kuti chidebe chilowe. Chili ndi mwini, chili ndi malamulo a nthawi yotungira. Kasupe alibe womukumba. Koma awiriwa amamwa pamodzi, pakuti madzi a pansi amene amatumphuka pakasupe ndi omwewo amene wokumba chitsime amawapeza. Dambo likapsa chaka ndi chaka, kasupe amafooka, ndipo zitsime za kumunsi zimayamba kuphwa Okutobala asanafike.

Usiku, tili m'kanyumba ka alendo tikuwotha moto, ndinayesa kulumikiza zimene ndinaona. Madzi amene ndinamwa pakasupe ndi omwe adzalira m'khwawa mawa, adzagwa pamathithi, adzazungulira padziwe, adzadutsa pansi pa mlatho. Zili ngati mkazi mmodzi pamudzi, amene kwa ena ndi mwana, kwa ena mlongo, kwa ena mayi, kwa ena mpongozi: munthu ndi yemweyo, koma dzina limakuuza mmene uyenera kukhalira naye.

Kutacha tinalowera chakumpoto, kumene phiri limatsegukira chigwa cha Phalombe. Kunja kutayera bwino, kutali kumaoneka chinthu chonyezimira chotambalala: nyanja ya Chilwa. Mitsinje ya mbali ino, Phalombe ndi Sombani, siipita ku Shire, imathera m'menemo. Nyanja ndi dzina lalikulu koposa pa mayina onse a madzi, ndipo munthu angayese ndi madzi osatha. Chilwa amatsutsa maganizo amenewo. Alibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi wosaya, wazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza mmene asodzi a matemba ndi milamba amamanga zimbowera, tinyumba toyandama. Mvula ikavuta zaka zotsatizana amaphwa. Adauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope osweka, mabwato atagona pamtunda. Zaka zimenezo maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayi ndiwo adasunga mbewu ya nsomba mpaka madzi atabwerera. Dziwe laling'ono lidapulumutsa nyanja.

Kuyang'ana chigwa chimenecho kumakumbutsanso dzina lina la madzi limene anthu a kuno salitchula mwachibwana. Madzi akangodzadza n'kupyola gombe timati mtsinje wasefukira. Koma phiri likang'ambika, madzi, matope, miyala ndi mitengo n'kutsika pamodzi, ameneyo ndi napolo. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikusamukira kunyanja, ndipo mlembi Steve Chimombo adalemba ndakatulo zambiri pa nkhani imeneyi. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, pamene derali linali mbali ya boma la Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku otsatizana, anthu oposa 1,000 adamwalira m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma okhudzidwa koposa. Zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yofiira yotsika kuchokera pamwamba. Ukaitsata ndi maso umaona kuti yambiri idadzera m'makwawa akale. Napolo kawirikawiri sapanga njira yatsopano; amakulitsa imene ilipo.

Tinatsikira mbali ya kummwera, kumene mtsinje wa Lichenya umachokera. Mbali imeneyi ndi imene imalandira mvula yochuluka, yoposa mamilimita 2,000 pachaka, n'chifukwa chake tiyi adakhazikika kuno kuyambira pamene Henry Brown adamubzala ku Thornwood mu 1891. M'minda ya tiyi ndinakumana ndi mayina a madzi a mtundu wina, madzi olamulidwa ndi munthu. Damu limafanana ndi dziwe, koma lili ndi khoma ndi mwini. Ngalande imafanana ndi khwawa, koma idakumbidwa ndi khasu ndipo imapita kumene wokumba akufuna. Ku Bondo, ngalande imapatutsa madzi a Lichenya n'kuwagwetsera m'makina opanga magetsi a Mulanje Electricity Generation Agency, ndipo midzi imene inali kutali ndi mawaya a dziko lonse ili ndi magetsi m'nyumba, kusukulu ndi kuchipatala. Madziwo akamaliza ntchito amabwerera mumtsinje.

Pamudzi wina m'munsi mwa phiri ndinapempha madzi akumwa pampopi. Mipopi yotere, yoyenda yokha popanda injini chifukwa madzi amachokera pamwamba, idafalikira m'midzi ya Mulanje m'zaka za m'ma 1970, anthu eni ake akukumba ngalande zokwiriramo mapaipi. Gogo wina amene ankadikira chidebe chake kuti chidzadze anandifunsa kumene ndikuchokera. Nditawauza kuti ndatsika m'phiri, anati, "Ndiye mwawaona kwawo madziwa, mwanangu. Ana a masiku ano ukawafunsa kumene madzi amachokera amati kumpopi." Ndinayankha kuti, "Zoonadi, anganga, ngakhale ife a m'tauni timatero." Ndipo n'zoona. Kuyambira 2019 bungwe la Blantyre Water Board limatenga madzi mu Likhubula, okwana malita pafupifupi 20 miliyoni patsiku, n'kuwayeretsera ku Nguludi kuti athandize mzinda umene kwa zaka zambiri wadalira kupopa madzi a Shire kuchokera ku Walker's Ferry. Munthu wa ku Bangwe akamatsegula mpopi akhoza kukhala akumwa kasupe wa pa Mulanje. Mpopi ndi dzina lokhalo pa mayina onsewa limene silikuuza kanthu za kumene madzi achokera, ndipo amene sadziwa kasupe wake savutika mtima akamva kuti phiri likupsa.

Ulendo wanga unathera kummawa, kudutsa Mimosa ndi Limbuli mpaka pachipata cha Muloza. Msewu umaoloka Ruo asanakule, akadali woyera, akuthamanga pamiyala kuchokera m'chigwa chake chakuya cha kuseri kwa minda ya Lujeri. Patsogolo pang'ono pali mtsinje wa Muloza, ndipo tsidya lake ndi Mozambique, njira ya ku Milanje. Njinga zonyamula chimanga ndi nandolo zinkaoloka, anthu a tsidya lino ndi ilo akulonjerana m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Muloza akathira mu Ruo, Ruo ndiye amasenza malire, monga mmene pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidakhazikitsira. Amatsika choncho, amalandira Thuchila, amagwa pamathithi a Zoa, mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo. Kumeneko mvula ya pa Mulanje imafika ili ndi mphamvu zina: mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake n'kumiza midzi ya ku Makhanga.

Ku Chiromo dzina limasinthanso. Amang'anja a kuchigwa akhala akutchula Shire kuti nyanja kuyambira kale, chifukwa kwa iwo nyanja ndi madzi aakulu ofuna bwato, kaya akuyenda kaya aima. Shire amadutsa dambo la Ndindi, amakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja yamchere. Mawu amodzi omwewo akukwanira Chilwa wouma, Shire woyenda, nyanja ya Malawi ndi nyanja yaikulu ya amalinyero. Pamene madzi ali pafupi ndi khomo, Chichewa chimawasiyanitsa mosamala, dziwe apa, thamanda apo. Akakula kupyola mphamvu ya munthu woyenda pansi, dzina limodzi lakwana.

Ndinabwerera ndi nkhawa imodzi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje, ndipo malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi kapena m'nkhalango yotetezedwa. Banja latsopano likafuna pomanga, malo otsala ndi omwe makolo ankawapewa: m'mphepete mwa khwawa, m'dambo, pagombe. Anthu samanga pamenepo chifukwa cha umbuli, amasowa kwina. Koma malo akangolowa m'kaundula n'kutchedwa puloti kapena munda, dzina lakale limazimirira, ndipo chenjezo limapita nalo limodzi. Mwana wobadwira pamenepo sadzadziwa kuti akugona panjira ya madzi.

N'chifukwa chake mayinawa sayenera kutsala m'mabuku a Chichewa okha. Mphunzitsi wa ku Mulanje ali ndi mwayi umene anzake ambiri alibe: angathe kutuluka ndi ana m'kalasi n'kukawaonetsa kasupe, khwawa ndi dziwe tsiku limodzi, ndi kuwauza chimene chilichonse chimachita mvula ikachuluka kapena ikasowa. Mafumu ogawa malo, akhonsolo ndi a zangozi zogwa mwadzidzidzi, asanajambule mapu a malo oopsa, ayambe akhala pansi ndi okalamba a m'mudzi n'kuwafunsa kuti malo akutiakuti ankatchedwa chiyani kale. Pamene ayankha kuti linali dambo, pasiyidwe kuti zitsime zisaphwe. Pamene ayankha kuti linali khwawa, banja limene likufuna kumangapo lipezeredwe malo ena, ngakhale zitavuta motani, mvula ina ya Malichi isanabwere.